Nsomba zoti fyuluta isafe m'thanki yoswetsera

Mwafunsa kuti ndi nsomba ziti zoika m'thanki yoswetsera kuti mabakiteriya a mu fyuluta asafe pamene thankiyo ikudikira nsomba zoikira mazira. Musanathamangire kukagula, dziwani kuti mabakiteriyawa, omwe amayeretsa madzi, amangofuna amoniya (poizoni wochokera m'zitosi za nsomba) ndi mpweya basi. Amasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi poizoni, kenako nitrate, yemwe si woopsa kwambiri, ndipo amakhala omatirira pa siponji, osati kuyandama m'madzi. Choncho njira yosavuta ndi kuika masiponji a fyuluta awiri kapena atatu m'thanki yaikulu momwe muli kale nsomba zathanzi, azipuma ndi pampu ya mpweya kwa masabata 4 mpaka 6. Tsiku loswetsa likakwana, mungozula imodzi n'kuisamutsa ikadali yonyowa.

Ngati mukufunabe nsomba m'thankimo, ine ndingakulangizeni guppy kapena platy, koma zamphongo zokhazokha. Yaikazi imasunga umuna m'thupi kwa miyezi ingapo ndipo imabereka pafupifupi mwezi uliwonse, ndiye mudzangodabwa tiana tachilendo tabisala kuseri kwa siponji. Zinayi kapena zisanu m'thanki ya malita 40 mpaka 60 n'zokwanira, ndipo sizivuta kugwira. Kungoti zimakonda madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi: ukatsika ndiye kuti asidi wachuluka) ya 7 kupita m'mwamba, kotero sizoyenera m'thanki yokonzera ma tetra kapena apistogramma, nsomba zomwe zimaswera m'madzi a pH yotsika. Ndipotu pH ikatsika kupitirira 6, mabakiteriya nawonso amachita ulesi.

Zebra danio zimapirira kwambiri, koma kuzigwira ndi kaukonde ndi nkhondo. Imodzi yokha ikatsalira, idya mazira onse pofika m'mawa. White cloud zimakonda madzi ozizirirapo, cha m'ma 18 mpaka 22°C, musaziike m'thanki ya nsomba za discus ya 28°C. Bristlenose, nsomba yokhala pansi yodya ndere, imatulutsa zitosi zambiri, zomwe n'zabwino kwa fyuluta, koma usiku imapsontha mazira omatidwa pa mwala, ndiye ichoke makolo asanalowe. Muitape ndi kapu chifukwa minga yake imakodwa mu ukonde.

Chachikulu chimene anthu amachiiwala ndi matenda. Nsomba yogula lero isalowe m'thanki yoswetsera isanakhale payokha masabata 4. Onetsetsani ngati ilibe timadontho toyera ngati mchere pakhungu ndi pazipsepse, komanso tinyongolotsi tofiira ta camallanus tosuzumira kotulukira zitosi, tomwe timapezeka kawirikawiri mwa guppy. Tiana tongoswa kumene sitipirira zimenezi ngakhale pang'ono.

China ndi ichi: mabakiteriya amachuluka molingana ndi amoniya amene akulandira. Guppy zinayi sizingakonzekeretse fyuluta kuti isenze tiana 200 todya brine shrimp (tizilombo ta m'madzi amchere todyetsa tiana ta nsomba) katatu patsiku. Tianato tikayamba kudya, muziyeza madzi tsiku ndi tsiku. Amoniya ndi nitrite zikhale pa 0. Zikangoonekera, sinthani magawo 30 pa 100 a madzi ndi ena ofunda mofanana, popani zotsala pansi ndi kapaipi kakang'ono ka mpweya, ndipo onjezerani siponji ina yokhala kale ndi mabakiteriya.

Mukhozanso kusunga fyuluta popanda nsomba n'komwe. Donthezani ammonium chloride, mankhwala opereka amoniya, mpaka muyeso wa amoniya ufike 1 kapena 2 ppm (mamiligalamu pa lita) pakapita masiku angapo alionse. Amoniya ndi nitrite zikamabwerera pa 0 pasanathe maola 24, ndiye kuti fyuluta ili bwino. Musanaike makolo, sinthani madzi ambiri kuti nitrate atsike. Apa palibe matenda, palibenso chodya mazira.

Potsuka siponji, ifinyeni pang'onopang'ono m'madzi omwe mwachotsa m'thanki, osati a pampopi, chifukwa klorini amapha mabakiteriya. Ndipo ngati muthira mankhwala a methylene blue poteteza mazira ku nkhungu, yambani mwachotsa siponjiyo n'kuibwezera m'thanki yaikulu, m'malo mwake muike kamwala kotulutsa mpweya mpaka mankhwalawo atatha m'madzi.