Ndinalapa kwa Mulungu, Kodi Anzanga Ndiwauzebe?

Funso: Ndine msungichuma wa gulu la amayi pa mpingo wathu ku Chinamwali, muno mu Zomba. Chaka chatha ndinatapako ndalama za gulu n'kugulira feteleza poganiza kuti ndidzabweza ndikakolola, koma chimanga sichinachite bwino. Ndinalapa kwa Mulungu ndi misozi. Kodi ndiyenerabe kuwauza anzanga?
Mayi wodandaula, Zomba.

Yankho: Mayi, muyenera kuwauza, ndipo musazengereze. Sitikukayika kuti Mulungu anamva kulapa kwanu, pakuti pa 1 Yohane 1:9 tikulonjezedwa kuti tikavomereza machimo athu Iye amatikhululukira. Komatu ndalamazo zili ndi eni ake, ena mwa iwo ndi amayi amene amawotchedwa ndi dzuwa mumsika wa Zomba akugulitsa tomato ndi usipa, ndipo mpaka lero akukhulupirira zomwe zalembedwa m'kaundula wanu. Nthawi iliyonse imene mwaimirira pamsonkhano n'kuwerenga lipoti lakuti ndalama zilipo pamene palibe, mukuwonjezera bodza pa tchimo lomwe munalapa lija.

Pa Mateyu 5:23-24 Yesu akuti munthu asiye chopereka chake paguwa, ayambe wakayanjana ndi mbale wake. Zakeyunso, pa Luka 19:8, analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamubera.

Yambani mwakumana ndi amayi apampando pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi ngati mboni, mutchule ndalama zonse osachotsera, ndipo mulembe mmene muzibwezera mwezi ndi mwezi. Akakupemphani kuti mutule pansi udindo, vomerani mosanyinyirika.