Mwana akumaliza PhD ya malamulo, akuti akufuna postdoc

Bambo wina watilembera kuti mwana wawo wamkazi watsala pang'ono kumaliza PhD ya malamulo a pakati pa mayiko pa yunivesite ina ku South Africa, ndipo akunena zofuna kuchita postdoc. Bambowo akufunsa ngati imeneyi ndi sukulu inanso, komanso kuti mwanayo adzayamba liti kulandira malipiro. Mwanayo waphatikizapo lake funso: ayambire pati?

Bambo, mtima ukhale m'malo. Pa postdoc palibe fizi, palibe mayeso, palibenso digiri pamapeto. Ndi ntchito ya kafukufuku ya nthawi yochepa, kawirikawiri chaka chimodzi mpaka zaka 3, ndipo munthu amalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Cholinga chake n'chakuti alembe ndi kusindikiza zokwanira kumulowetsa pa ulekichala wokhazikika. Chokhacho, kontrakiti muiwerenge limodzi. Ku Britain ndi ku Netherlands wa postdoc nthawi zambiri amakhala wantchito wa yunivesite, amadulidwa msonkho ndipo amasonkha penshoni. Ku South Africa ambiri sawerengedwa ngati antchito: ndalama yawo sidulidwa msonkho, koma penshoni palibe, ndipo inshuwalansi ya chipatala amadzionera okha. Musayerekeze ndalama ziwirizi pongoona manambala.

Tsopano inu achemwali. Chinthu chimene chimagwetsa ambiri ndi nthawi. Pafupifupi fellowship iliyonse, kutanthauza thandizo la ndalama zochitira kafukufuku, ili ndi malire a zaka zimene zadutsa chitengereni PhD. Ya Alexander von Humboldt Foundation ku Germany imafuna kuti musapitirire zaka 4. Max Weber Fellowship ya ku European University Institute mumzinda wa Florence imalola zaka 5, ndipo mayunivesite ambiri a ku South Africa amawerenganso 5. Marie Skłodowska-Curie ya European Union imalola zaka 8 za kafukufuku. Zimene timaona kawirikawiri ndi izi: munthu wabwerera kwawo, wapatsidwa makalasi odzaza, mapepala ochonga osatha, zaka zikupita, ndipo pamene akukumbukira za postdoc makomo angapo atsekeka kale. Nthawi ya uchembere mabungwe ambiri amaichotsera, koma muyenera kuitchula pofunsira ndi kuperekapo umboni. N'chifukwa chake tikuti yambani panopo, thesis isanathe.

Njira zolowera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi malo olengezedwa: pulofesa wapeza ndalama za pulojekiti, mwachitsanzo kuchokera ku European Research Council, ndipo akufuna womuthandiza. Mumatumiza CV, kalata ndi chitsanzo cha zolemba zanu, kenako intavyu. Ubwino wake ndi wakuti zimayenda msanga, koma mutu ndi wa mwini pulojekiti. Mufunse pa intavyu pomwepo kuti ndi gawo lanji la nthawi lidzakhale la kafukufuku wanuwanu, ndiponso kuti dzina lanu lidzakhala pati pa nkhani zolembera limodzi.

Yachiwiri ndi yobwera ndi mutu wanu, ndipo imafuna pulofesa wovomera kukulandirani. Titenge Marie Skłodowska-Curie, poti gawo lake la ku Ulaya limalandira munthu wa dziko lililonse. Imatenga miyezi 12 mpaka 24, tsiku lotsekera limakhala mu Seputembala, ndipo simuloledwa kusankha dziko limene mwakhalamo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Gawo lalikulu la pulopozo limakhala masamba 10 basi. Ochonga amapereka 50 peresenti pa kulimba kwa kafukufuku, 30 pa phindu lake ndi 20 pa dongosolo la kagwiridwe. Aluso a malamulo amakonda kuthera mphamvu zonse pa gawo loyambalo, n'kulemba zamphwayi pa magawo awiri otsalawo, chonsecho ndi theka la malikisi. Lembani mwezi ndi mwezi zimene mudzachite, nkhani zingati, zopita kuti, ndi chimene mudzachite ngati zikalata zina akukanizani kuziona. Humboldt ilinso ndi Georg Forster Research Fellowship, ya ofufuza ochokera kumayiko amene akutukuka kumene, pa mitu yokhudza chitukuko.

Pulofesa wokulandiraniyo mumlembere pakadali miyezi 6 tsiku lotsekera lisanafike. Imelo ikhale yaifupi: ndinu ndani, funso lanu ndi liti, likukhudzana bwanji ndi zimene iyeyo analemba, ndipo mukufunsira fellowship iti. Phatikizani CV ndi tsamba limodzi lofotokoza mutu. Imelo yofanana yotumizidwa kwa mapulofesa 20 imadziwika pa mzere woyamba, ndipo siyankhidwa. Malo odziwika pa phunziroli ndi monga Max Planck Institute ya ku Heidelberg, Lauterpacht Centre ya ku Cambridge imene inayamba mu 1983, Leiden, Geneva, komanso Centre for Human Rights ya ku Pretoria imene ilipo kuyambira 1986. Koma sankhani munthu amene adzawerengadi zolemba zanu. Dzina la malo lokha silikonza ndime yopotoka.

Pa mutu ndiye tichedwepo. Postdoc imafuna funso latsopano, osati thesis yomweyo yovekedwa malaya ena. Titenge chitsanzo cha mkangano wa malire a nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania. Pulopozo yonena kuti "ndionetsa kuti nyanja ndi ya Malawi" ochonga adzaitaya, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya loya wa boma, ndipo yankho mwalinena musanafufuze. Koma onani zimene zili m'nkhaniyi. Malawi amatsamira pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja chakum'mawa, pamene Tanzania ikufuna mzere wodutsa pakati. Mu 1964 ku Cairo, bungwe la mayiko a mu Africa la OAU, limene linalowedwa m'malo ndi African Union, linagwirizana zolemekeza malire amene mayiko anawapeza polandira ufulu. Khothi la International Court of Justice linalimbitsa mfundoyi mu 1986 pa mlandu wa Burkina Faso ndi Mali, ndipo mu 1999 linamasulira pangano lomwelo la 1890 pa mlandu wa chilumba cha Kasikili/Sedudu pakati pa Botswana ndi Namibia. Funso loyenera postdoc lingakhale lakuti: makhothi amamasulira bwanji mapangano a atsamunda pa malire a m'madzi, ndipo zochita za mayiko pambuyo pa ufulu amazipatsa kulemera kotani? Apo muli ndi milandu yoyerekeza, muli ndi zikalata zokafufuza ku Zomba, ku Kew mumzinda wa London ndi ku Berlin, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chofunira kukakhala ku Germany kapena ku Britain. Mutu wanu ungakhale wina, wa zamalonda kapena wa kusintha kwa nyengo, koma kamangidwe kake kakhale kotero.

Ochonga amayang'ananso zimene mwasindikiza. Yesetsani kuti pofunsira mukhale ndi nkhani ziwiri zolandiridwa m'magazini amene akatswiri amaunika nkhani asanaisindikize, monga Leiden Journal of International Law, Journal of African Law kapena African Human Rights Law Journal. Kuunikako kumatenga miyezi ingapo, ndipo ambiri mwa magaziniwa salola kutumiza nkhani imodzi kuwiri nthawi imodzi, ndiye tumizani yoyamba chaka chino. Magazini olonjeza kusindikiza pa masabata awiri mukalipira madola muwathawe. Nkhani imodzi yotere imadetsa CV yonse. Pa malamulo buku limalemekezedwabe kwambiri, choncho thesis ikadutsa lemberani osindikiza monga Cambridge University Press, Hart, Brill kapena Pretoria University Law Press. Chifalansa nacho muchiphunzire mpaka muzitha kuwerenga. Khothi la International Court of Justice lija, la ku The Hague, limagwira ntchito m'Chingelezi ndi Chifalansa.

Bambo, pali china chimene sitingakubisireni: malo okhazikika a ulekichala ndi ochepa kuyerekeza ndi anthu a postdoc. Mwanayu ayambe kufunsira ntchito chaka chomaliza cha postdoc chikangoyamba, ndipo aphunzitseko kosi imodzi kuti akhale ndi umboni wa uphunzitsi. Kunja kwa yunivesite kulinso ntchito ku ofesi ya zamalamulo ya African Union ku Addis Ababa, ku khothi la ufulu wa anthu la ku Arusha, ndi ku maunduna a zachilungamo ndi a maubale ndi mayiko ena. Anthu amadutsa uku ndi uku: Tiyanjana Maluwa, Mmalawi, anali mlangizi wa zamalamulo wa OAU asanakhale pulofesa ku Penn State, ndipo Dire Tladi anachoka pa upulofesa ku Pretoria n'kukakhala woweruza ku International Court of Justice mu 2024.

Ngati achemwaliwa anapita kusukulu pa tchuthi cha kuntchito ndipo anasainira bondi yoti adzabwerera, apemphe chilolezo cholembedwa kwa mabwana awo asanavomere postdoc iliyonse. Akapita mwakachetechete angauzidwe kubweza ndalama zonse za maphunzirowo.