Operekeza amene ankabwerera panjira

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti anaonera pa YouTube agogo ena a ku America akusimba za masiku awo oyendetsa ndege pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndiye akufunsa kuti: "Ndege zoponya mabomba zinali ndi mfuti zakezake. Nanga operekeza anali a chiyani? Komanso n'zoona kuti oyendetsa ndege akuda aja sanatayepo ndege ngakhale imodzi mwa zimene ankaperekeza?"

Achimwene, akuluakulu a asilikali a ku America poyamba ankaganiza ngati inuyo. Ndege yoponya mabomba ya B-17 inkanyamula anthu 10 ndipo inali ndi mfuti zoloza mbali zonse, choncho iwo ankati zikamauluka mothithikana zidziteteza zokha. Pa 14 Okutobala 1943 anatumiza ndege 291 kukaphulitsa mafakitale a ku Schweinfurt, ku Germany, ndipo 60 sizinabwerere. Anthu pafupifupi 600, ena kufa ena kugwidwa, tsiku limodzi lokha. Operekeza analipo, ndege za P-47 Thunderbolt, koma mafuta ankawachepera akafika cha ku Aachen, kumalire. Kunali kuperekeza kwa kwathu kuja, kofikitsa mlendo pamphambano n'kumuuza kuti muyende bwino. Ajeremani ankangodikira kuti operekezawo atembenuke.

Vuto linali mafuta basi. Ndege ya P-51 Mustang ataiika injini ya Merlin, yomwe anaikonza ndi a Rolls-Royce, inayamba kuperekeza mu Disembala 1943, ndipo pofika Malichi 1944 inkafika mpaka ku Berlin. Pansi pa mapiko ankamangirirapo matanki owonjezera, ena opangidwa ndi mapepala omata ndi guluu. Mdani akangoonekera, woyendetsa ankawagwetsa kuti ndege ipepuke.

Mukamvetsera bwino agogo amenewa, muona kuti zowomberana amazikamba pang'ono. Chimene amakumbukira kwambiri ndi kutopa. Ulendo unkatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, munthu ali yekhayekha m'kachipinda kosatheka kutambasula miyendo, atakhalira kaboti kamphira kopindapinda kolimba ngati thabwa. Kumwambako kunkazizira koopsa, chopumira mpweya chili chomangirira kumaso ulendo wonse. Khosi silinkapuma, kucheukacheuka kufufuza timadontho takuda kumbali ya dzuwa, moti ambiri ankavala kansalu ka silika m'khosi kuti kolala isawanyule. Poti ndege zawo zinali zaliwiro kuposa zoponya mabomba, ankauluka mokhotakhota pamwamba pake kuti asazisiye m'mbuyo, ndipo kukhotakhotako nakonso kunkadya mafuta. Diso limodzi kumwamba, lina pa geji.

Mustang inalinso ndi timakhalidwe take. Kumbuyo kwa mpando kunali thanki ina, yomwe ikadzaza inkachititsa ndege kuvuta pokhota, ndiye ankayamba amwetsa injini mafuta a mmenemo. Choopsa kwambiri chinali rediyeta, imene inali pamimba. Kachipolopolo kamodzi kakaboola paipi, madzi oziziritsa ankatha ndipo injini inkauma pasanapite nthawi. N'chifukwa chake ena amene anazolowera Thunderbolt, chindege cholemera cha injini yozizira ndi mphepo, ankaikakamira. Chija chinkabwerera kwawo ngakhale chitabooledwa ngati sefa.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Panali kusiyana maganizo pa ntchito ya woperekeza: azikhala pafupi ndi alendo ake, kapena azithamangitsa mdani? Jimmy Doolittle atatenga utsogoleri wa gulu la Eighth Air Force ku England mu Januwale 1944, anamasula ndege zake zoperekeza kuti zizitsogola kukasaka Ajeremani. Anyamata a m'ndege zoponya mabomba sanakondwe, ankaona ngati atayidwa, koma njira imeneyi ndi imene inathyola msana gulu la ndege la Germany.

Oyendetsa ndege akuda ophunzitsidwa ku Tuskegee, ku America, a gulu la 332nd Fighter Group, ankanyamukira ku Ramitelli, ku Italy, pa ndege zopakidwa penti yofiira kumchira. Mtsogoleri wawo, Benjamin O. Davis Jr., anawalamula kuti asamasiye ndege zimene akuperekeza. Kwa mnyamata wa zaka 22 amene akuona mdani akuthawa pamaso pake, ndipo akudziwa kuti ulemu umapita kwa wogwetsa ndege zambiri, lamulo limeneli linali lowawa. Ine ndimaona kuti kudzigwira kumeneku kunkafuna mtima kuposa kuthamangitsa. Davis ankadziwanso kuti kwawo, kumene tsankho linali lololedwa ndi malamulo, ambiri ankayembekezera kuti gululi lilephere.

Koma zoti sanatayepo ndege n'zokokomeza. Wolemba mbiri Daniel Haulman atafufuza m'mafayilo a asilikali anapeza kuti ndege 27 zimene iwo ankaperekeza zinagwetsedwa ndi ndege za adani, pomwe magulu ena operekeza a ku Italy komweko ankataya pafupifupi 46 gulu lililonse. Pa 24 Malichi 1945 a gulu la 332nd anaperekeza ndege kuchoka ku Italy mpaka ku Berlin, ulendo wa makilomita oposa 2,500 kupita ndi kubwera, ndipo anagwetsa majeti atatu a Ajeremani a Me 262, omwe anali aliwiro kuposa Mustang. Imodzi mwa majetiwo anaigwetsa ndi Roscoe Brown, mmodzi wa oyendetsa ndege a gululi.