Timadontho ta hCG sitiondetsa, achemwali, imaondetsa ndi njala

Achemwali, mu imelo yanu mwati chiberekereni mwana thupi likukana kubwerera, ndipo mnzanu wakusonyezani timadontho ta hCG (homoni ya amayi oyembekezera) tothira kunsi kwa lilime, toti munthu amataya theka la kilogalamu tsiku lililonse. Mukufunsa ngati mugule. Ndiyankha, koma ndiyambe ndatula zakukhosi kaye, chifukwa nkhaniyi mwandikanda nayo pachilonda.

Inenso nditabereka mwana wachiwiri ndinanenepa mpaka mphete inakanirira pachala. Pakamwa pa anthu mukupadziwa, mwana akuyamba kumene kukwawa wina n'kumakufunsa ngati uli ndi pakati pena. Kuntchito ndinali ndi mnzanga wa desiki yoyandikana ndi yanga, amene anayamba timadontho tomweti. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro ankatulutsa kabotolo m'chikwama, n'kudontheza, n'kukhala duu osameza, maso ali kudenga, kenako n'kudya kachakudya kosadzaza ndi chikhatho chomwe. Anaondadi, msangamsanga, siketi ikuchita kumangidwa ndi pini. Tonse tinasirira, ine kuposa onse, moti ndinamubwereka kapepala ka malangizo ake kuti ndikawerenge kunyumba. M'menemo analembamo kuti pomwa timadonthoto munthu asadye zopitirira makalori 500 patsiku (makalori ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya). Mayi wamkulu amafunika makalori pafupifupi 2,000. Ndiye tandiuzani, munthu amene akudya gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chake angalephere bwanji kuonda, ngakhale m'kabotolomo mutakhala madzi a pampopi? Patapita nthawi mnzangayo anayamba kuvala juzi kunja kukutentha, pamasitepe ankaima kudikira chizungulire chithe, ndipo tsitsi linkatsalira m'chipeso. Atasiya, thupi linabwerera ndi chiwongoladzanja. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'choti ankadziimba mlandu yekha kuti ndi wosadziletsa. Kabotolo kaja sanakakayikirepo.

Nkhani ya hCG ndi yakale kuposa intaneti. Imeneyi ndi homoni imene thupi la mayi woyembekezera limapanga, ndipo ndiyo imaonetsa mizere iwiri pa kachipangizo koyezera mimba. Mu 1954 dokotala wa ku Britain, A.T.W. Simeons, amene ankagwira ntchito ku Rome, analemba m'magazini ya The Lancet kuti jakisoni wa hCG pamodzi ndi makalori 500 amachotsa mafuta popanda njala. Ofufuza ena anayesa moyenera, gulu lina kulibaya hCG, lina jakisoni wopanda mankhwala, onse akudya mofanana. Mu 1995 akatswiri anaunika kafukufuku 24 wa nkhaniyi ndipo sanapeze umboni woti hCG imaondetsa, imachepetsa njala kapena imasuntha mafuta. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, linkalamula kale kuyambira m'ma 1970 kuti pa mankhwala a hCG pazilembedwa kuti sathandiza kuchepetsa kunenepa, ndipo mu December 2011 linalembera makampani 7 ogulitsa timadontho totere kuti akuphwanya lamulo. Komanso hCG ndi puloteni, ukaimeza m'mimba imagayidwa ngati chakudya china chilichonse, n'chifukwa chake achipatala akamathandiza nayo anthu ovutika kubereka amachita kubaya. Ndiye za kunsi kwa lilimezo ine ndimangoti ndi sewero.

Chimene chimandikwiyitsa n'choti ogulitsawa amanyamula sayansi yeniyeni n'kuidula pakati. Mahomoni amalamuliradi njala, zimenezo n'zoona. Mu 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake ku Rockefeller University anatulukira leptin, homoni youza ubongo kuti mafuta akwana, ndipo mbewa zonenepa zosowa homoniyi zitabayidwa zinaonda. Kampani ya Amgen inalipira madola 20 miliyoni kuti ipange mankhwala. Poyesa pa anthu zinagwiritsa mwala, chifukwa anthu ambiri onenepa ali kale ndi leptin wochuluka, ubongo ndiwo sukumumvera. Kampani ya ndalama zotere inalephera, koma lero wina pa Facebook akugulitsa mapiritsi oti “amakonza leptin” m'masabata awiri!

Oopsa kwambiri ndi amene amagwiradi ntchito. Homoni ya chithokomiro ikachuluka m'thupi la munthu amene chithokomiro chake chili bwino, sikelo imatsika ndithu, koma n'chimodzimodzi kuzula mitengo ya denga kuti uothe moto. Minofu imatha, mafupa amafooka, mtima umagunda mosalongosoka. Palinso sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku America ndi ku Ulaya mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, koma mpaka pano amapezeka atabisidwa m'makapisozi olembedwa kuti ndi achilengedwe. Ku America, lamulo la 1994 limalola kuti zoterezi zilowe pamsika boma lisanaone umboni woti zimagwira ntchito. Mawu akuti “zochokera kunja” asakukomoleni.

Nanga majakisoni oondetsa amene atchukawa?

Awo ndi nkhani ina, sindiwaika m'gulu limodzi. Mankhwala a m'majakisoni otere otchedwa semaglutide amatsanzira homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1, ndipo pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anthu anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo. Koma onani nthawi yake, anali masabata 68, pansi pa madokotala, ndi nseru yake yomwe. Amene anasiya, pomatha chaka anali atabwezeretsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zomwe anataya. Mankhwala enieni amatenga chaka ndi miyezi, ndiye amene akukulonjezani mwezi umodzi akudziwa chiyani chimene madokotalawo sakuchidziwa? Ndipo makilogalamu a sabata yoyamba amene anthu amajambulitsa nawo zithunzi aja, ambiri mwa iwo ndi madzi amene thupi limataya likamaliza shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu. Kudya makalori 500 kwa masabata kumabweretsanso timiyala m'ndulu.

Ndiye musagule, makamaka ngati mukuyamwitsa. Ngati thupi likungokula popanda chifukwa chooneka, mukutopa kwambiri, kuzizidwa kapena msambo wasokonekera, pitani akakuyezeni chithokomiro ndi shuga, chifukwa chithokomiro chimatha kusokonekera mayi akabereka ndipo mankhwala ake alipo. Akapeza kuti zonse zili bwino, theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino: chepetsani zakumwa za shuga, muziyenda ndawala, muzigona mmene mwana angakuloleni. Mnzanuyo ngati wayamba kale kumwa ndipo mtima ukumuthamanga kapena akumva ngati akomoka, asiye lero lomwe, ndipo popita kuchipatala atenge kabotoloko adokotala akakaone.