Agogo anachona ku Rhodesia: kodi intaneti ingandilozere kumudzi kwawo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anabadwira ku Kadoma, ku Zimbabwe, koma pano akugwira ntchito ku Leeds. Agogo awo aamuna anachoka ku Nyasaland ali mnyamata, anakalembedwa ntchito pa mgodi wa golide, anakwatira komweko mpaka kumwalira osapondanso kumudzi. Zimene banja likudziwa n'zochepa: dzina lawo loyamba, kuti anali a Phiri, ndiponso kuti ankati kwawo ndi ku "Kota Kota". Mayiwa alipira kale miyezi itatu pa Ancestry, webusaiti yofufuzira makolo ndi mibadwo ya banja, koma sanatolepo kanthu. Akufunsa kuti pa intaneti angafufuze pati kuti apeze mudzi ndi abale.

Mayi, ndalama za Ancestry zija yambani mwaimitsa kaye. Sikuti ndi akuba ayi, koma nkhokwe yawo inadzazidwa makamaka ndi mabuku a kalembera, a ana obadwa ndi a maukwati a ku America ndi ku Ulaya. Kwathu kuno mabuku oterewa a anthu akuda kunalibe. Lamulo la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye okha kulembetsa ana. Kulembetsa mwana aliyense kunayamba kukhala lamulo mu 2015, ndipo ziphaso za unzika tinajambulitsa mu 2017. Mtsamunda ankalemba dzina la munthu wakuda pamene akufuna kanthu kwa iye: msonkho, ntchito, usilikali, mlandu, mwina imfa. A mishoni ankalemba pa ubatizo ndi pa ukwati. Ndiye funso lothandiza ndi lakuti, agogo anu anadutsa pa tebulo la kalaliki uti?

Yambirani pa webusaiti ina yotere, ya FamilySearch. Ndi yaulere, eni ake ndi mpingo wa Latter-day Saints wa ku Salt Lake City, ndipo safunsa kuti mumapemphera kuti. Ili ndi zithunzi za zikalata za imfa za ku Zimbabwe za zaka za 1904 mpaka 1976. Chikalata chotere, chikakhala kuti anachidzaza bwino, chimatchula kumene munthu anabadwira, makolo ake, mkazi ndi ana. Musayembekeze zambiri, pakuti imfa zambiri za anthu a m'makomponi sizinkalembedwa, koma yesani. Dzina likapanda kutuluka mukalilemba, musagwe mphwayi: mabuku ambiri pamenepo anangowajambula osawaika m'kaundula wa maina, choncho mumayenera kutsegula zithunzizo n'kumawerenga tsamba ndi tsamba. Ndi ntchito yotopetsa maso. Ine ndinatha usiku unayi ndikufufuza mchimwene wa agogo anga, n'kuwapeza atalembedwa dzina limene kumudzi palibe ankalidziwa.

Apa m'pamene ambiri amasokera. Kalaliki ankalemba zimene khutu lake lamva. Phiri angakhale Piri kapena Pili. Munthu ankatha kutenga dzina la bambo ake kukhala lachiwiri, kapena kupatsidwa dzina ndi kapitawo, kapena kuyendera chitupa cha mnzake. Ena mfunda sankaulemba n'komwe, pamzere wa mtundu n'kungoti "Nyasa". Maina a malo nawo fufuzani akale: Kadoma inali Gatooma, Harare inali Salisbury, Zvishavane inali Shabani, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning. Ndipo "Kota Kota" wa agogo anuyo sakutanthauza kuti anabadwira pa boma pa Nkhotakota penipeni. Anthu a paulendo ankatchula boma limene anadulira chitupa, ndipo masiku amenewo dera la Ntchisi linkawerengedwanso ku Kota Kota.

Funsani achibale kuti agogo ankapemphera kuti. Nkhotakota ndi dera la Asilamu ambiri kuyambira nthawi ya a Jumbe, komanso ndi malo akale a Anglican. Ngati anali a Anglican, a CCAP kapena a Katolika, ndiye kuti penapake pali buku la ubatizo kapena kalata yosamukira. Sinodi ya Harare ya CCAP inakula ndi anthu a ku Nyasaland omwewa, ndipo munthu akamalowa mpingo kumeneko ankanena mpingo umene wachokera. Mabuku amenewa sali pa intaneti. Intaneti ingokuthandizani kupeza nambala ya abusa kapena mlembi. Chimodzimodzi mabungwe a maliro a m'migodi, amene kawirikawiri ankasonkhanitsa anthu ochokera boma limodzi. Ngati agogo ankavina Gule, akuluakulu a dambwe la pa mgodipo angadziwe kwawo kuposa kalaliki aliyense.

Kwa owerenga ena amene agogo awo anapita ku Joni: zikalata zakale za Wenela, kampani yolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa imene kenako inadzakhala TEBA, zimasungidwa ku University of Johannesburg. Chaka cha 1974 muchisunge m'mutu, chifukwa ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, a Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa Wenela. Amene agogo awo anafera ku nkhondo ali asilikali a King's African Rifles ayese tsamba laulerenso la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a ofera ku nkhondo. Koma bungwe lomweli linavomera mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo. A mtengatenga athu ambiri, amene ankasenza katundu wa asilikali, ali m'gulu limenelo.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947. Moto umene unatentha likulu la boma mu 1919 unawononga zikalata zambiri za zaka za m'mbuyo mwake. Zotsala ndi zolembedwa pambuyo pake zilipo, kuphatikizapo mabuku a ma DC otchula mafumu ndi midzi yawo, koma kumeneko n'kopita ndi miyendo kapena kutuma munthu, ndipo kupitako ndi dzina lakuti Phiri lokha n'kutaya ndalama ya basi.

Mwafunsanso za DNA. Kampani idzakuuzani kuti magazi anu ndi a anthu a kummwera ndi kummawa kwa Africa, zimene mukudziwa kale. Abale imawapeza pokhapokha iwonso atayezetsa, ndipo ku Nkhotakota ndani watumiza malovu ku America? Kumbukiraninso kuti kampani ina yoyeza DNA, ya 23andMe, inalengeza mu 2025 kuti yagwa ndi ngongole, anthu n'kuyamba kuda nkhawa kuti zotsatira zawo zigwera m'manja mwa yani. Ine sindingayambire pamenepo.

Tsopano chimene ndikuona kuti n'chachikulu. Mawebusaiti onsewa anamangidwa potsata dzina la bambo, pamene Mchewa kwawo ndi kwa amake. Agogo anu, ngati anali Mchewa, mudzi wawo ndi kumene kunali mbumba yawo: amayi awo, alongo awo, ndi ana a alongowo. Ana amenewo agogo anuwo anali atsibweni awo, ndipo ndi iwo amene amakumbukira kuti "tinali ndi atsibweni athu anachona ku Halale". Iwowa mwina si a Phiri n'komwe. Mukalemba pa gulu la Facebook la anthu a ku Nkhotakota kuti mukufuna a Phiri, mudzayankhidwa ndi boma lonse, ena n'kuyamba kupempha ya mayunitsi. Koma mukalemba dzina la mlongo wawo, la mfumu ya mudzi, kapena la mtsinje umene ankasambako, uthengawo udzayenda pa WhatsApp mpaka kufika kwa nyakwawa. Dziwaninso kuti dzina la mudzi kwathu ndi dzina la ufumu, ndipo limakhalapobe ngakhale mafumu asinthane kangati. Mukalipeza, chotsala n'kudziwa kuti mudziwo uli kwa Malengachanzi, kwa Mwadzama, kwa Kanyenda kapena kwa mfumu yaikulu iti. Wina akakuuzani kuti ndi mbale wanu, musamuuze zonse zimene mukudziwa. Musiyeni atchule yekha dzina limodzi limene inu simunalembe.

Mwanena kuti azakhali anu a zaka 81 akadali moyo ku Kadoma. Aimbireni sabata ino, foni ikujambula mawu. Musawafunse kuti "agogo kwawo kunali kuti", adzangoti Kota Kota. Afunseni kuti makalata ankachokera kwa yani, ndani anabwera pa maliro, ana aakazi anawatcha maina a yani, agogo akapsa mtima kapena akaledzera ankalumbira potchula chiyani, ndipo m'sutikesi yawo munatsala mapepala anji. Mukapeza chitupa, khadi la ku mgodi kapena envulopu yakale, jambulani mbali zonse ziwiri munditumizire, tidzawerengere limodzi chidindo cha positi.