Kodi mliri wa kolona ungaimitse mlandu wa munthu amene ali pa rimandi?

Funso: Mchimwene wanga anamangidwa mu Disembala 2020 pomuganizira kuti anaba njinga yamoto, ndipo mpaka lero ali pa rimandi. Loya amene tinamulipira sanafike kubwalo kawiri konse, akuti chifukwa cha kolona. Tsiku lachiwirilo mlonda anatibweza pa geti ponena kuti malo adzaza, choncho tinaima kunja kwa mpanda ndi nsima ili m'kontena mpaka kuzizira, osadziwa n'komwe tsiku limene mlandu aukankhira. Kodi malamulo amalola zimenezi? Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, pepani ndi zimene mukukumana nazo. Choyamba dziwani kuti mabwalo a milandu m'Malawi muno sanatsekedwe ndi m'bindikiro. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma la Peter Mutharika linafuna kuyamba pa 18 Epulo 2020 sunachitike, chifukwa pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu anapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wachibadwidwe la HRDC litakadandaula. Chimene mabwalo anachita ndi kuchepetsa anthu olowa m'chipinda choweruzira, kulamula kuti aliyense avale masiki ndi kusamba m'manja, komanso kuika patsogolo nkhani zofunika changu monga za belo. Kotero mlondayo sanalakwe pokubwezani, ngakhale zinali zowawa.

Nkhani ya loya ndi ina. Loya amene walandira mlandu amakhala ndi udindo kwa amene wamulemba ntchito komanso kwa bwalo lenilenilo, ndipo ngati wadwala kapena ali kwayekha poopa kupatsira ena matenda, ayenera kudziwitsa bwalo tsikulo lisanafike, kupempha tsiku lina kapena kutumiza loya mnzake kuti akamuimirire. Kungosowa, kenako n'kutchula kolona pa foni, si chifukwa chokwanira. Mabwalo athu saichepetsa nkhani ya kupezeka kwa loya: mu Epulo 2020 mkulu wa oweruza Andrew Nyirenda anakana pempho lakuti maloya a ku South Africa, amene bungwe loyendetsa zisankho la MEC linawalemba ntchito pa apilo ya chisankho cha 2019, aloledwe kuimira mlandu kuno, popeza iwo sanaonekere pamaso pake. Apiloyo inamvedwabe popanda iwo, ndipo chigamulo chinatuluka pa 8 Meyi, mliri uli mkati. Ngati mlandu waukulu chotero unayenda, wa njinga yamoto sungagone chifukwa cha munthu mmodzi.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa womangidwa ufulu wozengedwa mlandu m'nthawi yoyenera ndiponso wopempha belo, ndipo mliri sunafafanize ufulu umenewu. Komanso lamulo la kazengedwe ka milandu limanena kuti pa mlandu wa ku bwalo la majisitireti munthu asasungidwe pa rimandi kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe kuzengedwa, pokhapokha woimira boma atapempha bwalo kuti liwonjezere masiku. Werengani nokha masiku kuchokera mu Disembala.

Pitani ku ofesi ya kalaliki wa bwalo ndi dzina lonse la mchimwene wanu ndi nambala ya mlandu, mufunse tsiku limene laikidwa. Mulembereni loyayo kalata yofunsa ngati adzafike tsiku limenelo, ndipo musunge kope pamodzi ndi malisiti a ndalama zimene munalipira, chifukwa akapitiriza kuzemba mudzazifuna pokadandaula ku bungwe la maloya la Malawi Law Society. Ngati ndalama zolembera loya wina mulibe, a Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza pa milandu anthu osowa ndalama zolembera loya, ali ndi ofesi mu Blantyre momwemo. Mukapita kukamuona mchimwene wanu, muuzeninso kuti ngakhale loya atapanda kubwera, iye mwini angathe kukweza dzanja ndi kupempha belo kwa majisitireti, ndipo inu mudzakhale pafupi ndi geti ndi abale awiri okhala ndi ziphaso zaunzika amene angamuikire umboni.