Kwa mayi amene mwana wanu wakuuzani kuti ndi mnyamata

Mayi anzanga, mwanena kuti mwana wanu amene anabadwa wamkazi wakuuzani kuti ndi mnyamata, ndipo mwafunsa za mankhwala oimitsa kutha msinkhu. Musamvere aliyense amene akukuuzani kuti mwana wanuyo akungotengera za pa intaneti ndiponso kuti mukapanda kumulabadira zidzatha zokha. Wanganso anabadwa wamkazi, ndipo atayamba kutha msinkhu anasiya kudya chifukwa anamva kuti munthu akaonda kwambiri msambo umaima, komanso ankamanga chifuwa ndi bandeji molimba mpaka kupuma kunkamuvuta. Tsiku limene anakomoka m'bafa ndinamupeza milomo ili gwa, manja atazizira, ndipo pomasula bandejiyo ndinaona zilonda kuyambira m'khwapa mpaka m'nthiti, zina zikuchucha mafinya. Atatsitsimuka sanadandaule za ululu, koma ankangondichonderera kuti ndisayang'ane thupi lake.

Kuchipatala n'kumene anandithetsa nzeru. Dokotala amene anatilandira atamva zonse anaseka, anapitiriza kumuitana dzina limene mwanayo anali atangomupempha kuti asatchule, kenako anandiuza iye ali pomwepo kuti ndinamulera momulekerera ndipo akadzakwatiwa adzaiwala zachibwanazo. Sanamufunse n'komwe ngati ankaganiza zodzipha, chonsecho kalata yotsanzikana inali kale m'chikwama chake cha kusukulu, mmene ndinaipeza pambuyo pake. Mpaka lero munthu ameneyo ndikamukumbukira mtima umandiwawa, chifukwa dokotala sangalephere kudziwa kuti mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa nkhani ya kudzimva kuti ndiwe mwamuna unabadwa wamkazi, kapena mkazi unabadwa wamwamuna, pa mndandanda wa matenda a maganizo, ndiponso kuti chimene chimawonjezera kwambiri nkhawa ndi maganizo odzipha mwa ana otere ndi kukanidwa ndiponso kunyozedwa.

Amene anatithandiza ndi mlangizi wa za maganizo, mayi wodekha amene anayamba ndi kumufunsa dzina limene amafuna, ndipo kuchokera pamenepo mwanayo anayambiranso kudya pang'onopang'ono.

Za mankhwala oimitsa kutha msinkhu amene mwafunsa, musathamange nazo. Madokotala akuluakulu sakugwirizana chimodzi. Bungwe la madokotala a ana ku America la American Academy of Pediatrics limavomereza chithandizo chimenechi, koma lipoti la mu 2024 la Dr Hilary Cass, dokotala wa ana wa ku Britain, linapeza kuti umboni wakuti mankhwalawa amathandiza maganizo a ana ndi wofooka, ndipo chaka chomwecho NHS, nthambi ya boma yoyendetsa zipatala ku England, inasiya kuwapereka mwachizolowezi kwa osakwana zaka 18. Sweden ndi Finland anali atayamba kale kusamala nawo kwambiri. Mankhwalawa amachedwetsa kulimba kwa mafupa, ndipo mahomoni achimuna otchedwa testosterone amasintha mawu moti sabwereranso mwakale, choncho musalole kuti agule chilichonse pa intaneti ngakhale atakulirirani bwanji.

Pitani naye kwa dokotala, ndipo mumvere zimene angakuuzeni, chifukwa zinthu zimenezi si zoti kholo n'kuzisenza lokha. Mukapeza wonyoza ngati wathu uja, tulukani mukafune wina. Usiku uno khalani naye pansi ndi kumufunsa mosapita m'mbali ngati amaganiza zodzipha, pakuti kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Mankhwala onse a m'nyumba muwatsekere, ndipo muone ngati nayenso akumanga chifuwa, chifukwa bandeji imatha kuvulaza nthiti ndi khungu mwana osanena kanthu.